Kompyuta ya Alamu Anga

4 Malichi

Okondedwa amayi a ana anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana, ndiponso kuti miyendo ya apongozi anga yaphwako. Ine ndili bwino, msana wokha ndi umene umandipatsa moni m'mawa uliwonse. Ndaganiza zoti ndizilemba makalata n'kumapatsira adalaivala a lole aja, chifukwa pafoni sitikambirana kanthu. Foni imayenda manja asanu, aliyense "muli bwanji, tili bwino," pofika kwa inu mayunitsi atha.

Nkhani yabwino ndi yakuti matumba ndawasiya. Adokotala sanandibisire, anati ndikapitiriza kusenza simenti, chaka chamawa mudzandilandira ndili pa chikuku. Tsopano ndapeza ntchito m'shopu yogula, kukonza ndi kugulitsa makompyuta akale. Maphunziro aja munkati ndikungotayirako ndalama ndi amene andilowetsa pakhomo. Musachite manyazi, ndakukhululukirani.

Andilemba mongoyesa kwa miyezi itatu. Mu Juni mwini wake adzanena ngati ndikhale kapena ndiziona msewu. Ndikalephera apa ndiye kubwerera ku matumba, ndipo msanawu sungandilole. Muzindikumbukira m'mapemphero.

Shopuyo ndi yopapatiza, ili pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato. Kutsogolo kuli kauntala, kumbuyo tebulo lalitali lokhala ndi masikirini anayi, ndipo mawaya ali lendelende paliponse. Mwini wake ndi mayi wachikulire, wamfupi, wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Mumsewu muno amawatchula kuti a Mubweremawa, chifukwa cha lamulo lawo. Kompyuta iliyonse yobwera kudzagulitsidwa imagona m'shopu tsiku lathunthu, ikuyezedwa ndi ntchito yolemera, asanaitchulire mtengo. Kaya woibweretsayo wavala suti, kaya akulira, yankho ndi lomwelo. Ine anditcha a Matumba, ndipo ndimayankha.

Ndachokako kwa achimwene anu, ndapeza kachipinda kanga pafupi ndi ntchito. Mukawauze amayi kuti anabereka munthu. Miyezi isanu ndi iwiri ndagona m'chipinda cha alamu, ndikudya zawo, osandiwerengera ngakhale buledi. Kompyuta yawo ya magemu, ya magetsi obiriwira ija amaikonda kuposa chakudya, ankandilola kuphunzirirapo iwo ali kuntchito. Ngakhale za shopuyi anandinong'oneza ndi iwo. Sindidziwa kuti munthu wotere umamuthokoza bwanji.

Pa ndalama ndatumizazi, muyambe ndi fizi ya wamkulu. Zotsalazo mugule lamba wa makina anu osokera, musamangomanga ndi waya. Wachitsiriza mumuuze kuti nsapato ndamva, koma mapazi ake ayambe aima kukula.

Ine wanu,
Bambo a ana anu


29 Malichi

Amayi a ana anga,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira ndipo ndaiwerenga katatu. Zandidetsa nkhawa kuti apongozi ayambanso kutupa, musazengereze kupita nawo kuchipatala. Ine ndili bwino, ndanenepako pang'ono. Ntchito yokhala pansi ndi yoopsa.

Mwafunsa kuti munthu amadziwa bwanji mtengo wa chinthu chakale. Inenso ndinkayesa n'kungoyang'ana n'kutchula. Sabata yatha kunabwera bambo wina ndi kompyuta ya magemu yonyezimira ngati sitolo ya maswiti, akufuna 12,000 ya kuno. Abwana anaitsegula m'mbali, n'kuyamba ndi kununkhiza.

"Mumasuta fodya m'nyumba," anatero.

"Amayi, ine ndinagula 20,000!"

"Imeneyo ndi nkhani ya inu ndi mtima wanu. Ine ndikugula zimene zili muno lero. Magetsi okongolawa sindigula, sagwira ntchito iliyonse."

Bamboyo atapita, abwana anandikhazika pansi. Poyamba umayang'ana khadi la zithunzi, chifukwa pa kompyuta ya magemu ndilo limadya theka la mtengo. Kenako purosesa, ndiye ubongo wake, kenako memori, kenako bokosi logawa magetsi, limene anthu amaliiwala mpaka tsiku limene lidzawotche zonse. Chilichonse umachipatsa mtengo wake wa lero, osati wa tsiku limene chinali chatsopano. Umamvetsera mafani ngati akukhosomola. Umayang'ana mitu ya masikuluu, ikakhala yoperepeseka ndiye kuti manja ambiri alowamo. Ukatero umamata kapepala pamwamba, n'kulembapo ola limene wayamba kuyeza ndi ola limene wamaliza. Akuti kwa mphindi khumi kompyuta iliyonse ndi ya ulemu ngati mkamwini watsopano, khalidwe lake lenileni limaoneka ikatopa. Ya bamboyo inazima itagwira maola atatu, ndipo m'mawa mwake analandira 7,000 mosatsutsa.

Mayiwa sayamikira munthu, koma akakhutira amakuthirira tiyi osakufunsa. Sabata ino andithirira kawiri.

Tsono imvani izi. Lolemba akupita kukachitidwa opaleshoni ya diso, ndipo akakhala kwa mwana wawo mwezi wathunthu ndi masiku. Andisiyira makiyi a shopu ndi envelopu ya ndalama zogulira katundu. Ine, munthu wa milungu inayi! Pondipatsa anangoti, "A Matumba, lamulo mukulidziwa. Ena onse mukhoza kuwamvera chisoni, koma osati ndi envelopuyi." Mtima unasangalala kwambiri. Papita zaka zambiri munthu asanandikhulupirire ndi chinthu choposa thumba la simenti.

Denga la kukhitchini lidikire kaye, mvula yatha kale. Mupereke moni kwa onse.

Wanu yemwe uja


9 Epulo

Amayi a ana,

Moni. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso. Ndilemba mwachidule chifukwa adalaivala akunyamuka msanga.

Ndamva kuti apongozi awagoneka m'chipatala. Mulungu awakhudze. Ndatumiza zochepa ulendo uno, muzigawe mmene mungathere.

Shopu ikuyenda. Ndagulitsa timakompyuta tiwiri ta m'manja ndipo ndakonza ina ya kusukulu. Lachiwiri ndagulanso kompyuta yaikulu ya magemu, koyamba kugula ndekha. Ndi yabwino ndithu, khadi la zithunzi lamphamvu, mkati moyera. Wogulitsayo ndi munthu wodziwika, ndiye sipanafunike zambiri. Pali kanthu kakang'ono kamene ikuchita, koma ndikaona.

Kodi achimwene anu akuimbirani masiku ano? Ndangofunsa.

Musadandaule za ine. Chakudya sichikulowa bwino, mwina n'kusintha kwa nyengo.

Ine wanu


20 Epulo

Okondedwa amayi a ana anga,

Ndathokoza kumva kuti apongozi atuluka ndipo ayamba kuyenda okha. Ana muwapatse moni. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Mwandigwira. Mwati zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri simunandionepo ndikukana chakudya chifukwa cha nyengo. Chabwino, ndinene. Kompyuta ndinagula ija ndi ya achimwene anu.

Anafika nayo pa takisi ataikulunga m'bulangete, thukuta lili kamukamu. Anati akufuna 9,000 tsiku lomwelo. Ine ndinati, "Alamu, lamulo la pano ndi loti igone kaye mpaka mawa."

"Igone? Kompyuta imene mwagona nayo chipinda chimodzi miyezi isanu ndi iwiri? Kapena mukuyesa ndaiba?"

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu amene anakutsegulira chitseko, ungamuuze bwanji kuti katundu wake uyambe wamukayikira? Ndinaiyatsa mphindi khumi, inayenda bwinobwino, ndipo ndinatsegula envelopu ija. Mtengo sindinatsitse ngakhale pang'ono. Pa kapepala sindinalembepo kanthu.

M'mawa mwake inazima yokha itagwira mphindi makumi anayi. Ndinati mwina ndi magetsi. Lachisanu kunabwera munthu wofuna kuigula, ndalama zili m'manja, ndipo inauma pamaso pake, sikirini yonse buluu. Anandiyang'ana ngati wakuba n'kutuluka. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti kunyumba kwa alamu inkazimanso nthawi zina, iwo n'kumatukwana a magetsi. Sindikunena kuti anandinamiza. Mwina sankadziwa. Ndawaimbira kanayi, sakuyankha.

Pulogalamu yoyezera ikuonetsa mizere yofiira pa memori. Ndikufotokozereni mwa kwanu. Memori ndi timatabwa tinayi tating'ono timene timasunga zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Ili ndi manambala ake anayi amene munthu angathe kusintha. Tinene kuti mukusoka ndipo mwatuma mwana kukatenga ulusi m'kabati. Manambalawo ndi nthawi imene mwamupatsa kuti apite ndi kubwera. Akachepa, ntchito imathamanga. Koma mukamufulumizitsa mopitirira, maulendo khumi abweretsa ulusi woyenera, ulendo wina abweretsa wofiira pa nsalu yoyera. Anyamata a magemu amakonda kutsitsa manambalawa kuti akadzitame kwa anzawo, ndipo achimwene anu anawatsitsa mpaka pansi.

Ndinabwezera manambala olembedwa pa katabwa kamodzi, ndikuyesa kuti nkhani yatha, koma mizere yofiira ikubwerabe. Tsopano ndikungosintha apa ndi apo, liwiro, manambala, mphamvu ya magetsi, zonse pamodzi. Dzulo inakana ngakhale kuyaka, mpaka ndinachotsa kabatire ka mkati kuti iiwale zopusa zanga. Ndili m'madzi, amayi a ana. Ngati memoriyi ndi yakufa, kapena vuto lili mkati mwa purosesa, ndataya ndalama za eni ake, ndaphwanyanso lamulo lokhalo limene anandisiyira. Abwana abwera pa 9 Meyi.

Amayi musawauze. Achimwene anunso musawakalipire, wolakwa ndine. Envelopu inali m'manja mwanga.

Mwamuna wanu


6 Meyi

Amayi a ana anga,

Moni wa chimwemwe. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Dzulo ndadya mbale ziwiri.

Adalaivala Mulungu awadalitse, anachita kupatuka ndi lole yonse kudzandipatsa kalata yanu pa shopu. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma inu mwangondiphunzitsa kusoka. Mwati makina akamadumpha ulusi simupotokola zonse nthawi imodzi, mumakhudza chimodzi, n'kusoka pa kansanza, n'kuyang'ana kuseri, kenako china. Mwafunsanso ngati ulusi wapamwamba ndi wapansi uli wa mtundu umodzi. Ndinaseka ndekha m'shopu, kenako ndinasiya kuseka n'kutenga sikuludiraiva.

Ndinazula timatabwa tonse tinayi n'kutiyang'ana pawindo. Kunja n'tofanana ngati mapasa, koma timalemba ta kuseri n'tosiyana. Tiwiri anagula kale, tiwiri anawonjezera pambuyo pake, ta fakitale ina. Ndinayeza tiwiri patokha, palibe mzere wofiira. Tinato patokha, chimodzimodzi. Palibe chakufa! Tikakhala pamodzi m'pamene timakangana, chifukwa tiwiri tatsopanoto sitingathamange mofanana ndi tinzake.

Ndinagula kope la ana a sukulu. Tsiku lililonse ndinkasintha chinthu chimodzi, kulemba, kuyeza, kudikira. Ndinayamba ndi liwiro, kuchoka pa 3600 kufika pa 3200, ndipo mizere yofiira inachedwa maola asanu. Nambala yoyamba ndinaikweza kuchoka pa 14 kufika pa 16, inapirira maola asanu ndi anayi. Ziwiri zapakati zinafuna 18, yomaliza 38. Kawiri ndinabwerera m'mbuyo chifukwa chofulumira. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano yagwira masiku awiri athunthu osazima, popanda mzere ngakhale umodzi. Yachepako liwiro pang'ono, koma wosewera sangazindikire n'komwe.

Mwatinso achimwene anu anatumiza ndalama za kuchipatala pa 6 Epulo, tsiku lotsatira atandigulitsa kompyutayi, ndipo ndi zimene zinalipirira mankhwala a amayi. Munthu uja anagulitsa chinthu chimene amachikonda kwambiri, osandiuza chifukwa. Bwenzi atangonena, tikanathandizana mwa njira ina.

Chatsala ndi kapepala kaja. Kadakali koyera. Kompyuta ikuyenda, palibe anaona, ndipo ndikhoza kulembapo kuti ndinayeza tsiku lathunthu ndisanalipire. Abwana ndi diso limodzi sangadziwe. Ndaganizapo, sindikubisirani, pakuti ntchitoyi ndi msana wanga. Ndikudziwa chimene munganene, n'chifukwa chake ndayamba kulembera inu ndisanagwire kapepalako.

Wamkulu mumuuze kuti ndanyadira masamu akewo. Anatengera kwa mayi ake, lero ndavomera.

Ine wanu


17 Meyi

Okondedwa amayi a ana,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndili bwino, ntchito ndikadali nayo, ngakhale sindikudziwa kuti mpaka liti.

Yankho lanu lafika mochedwa, koma musadandaule, mawu anu ndinawamva kale m'mutu. Pa kapepala ndinalemba kuti: ndinayeza mphindi khumi, ndinalipira 9,000, wogulitsa ndi mlamu wanga. Ndinaikanso kope lija pamwamba.

Abwana anafika Lolemba lija, pa 9, diso limodzi lili lomata. Anazungulira shopu yonse, kenako anaima pa kompyutayo n'kuyandikiza kapepalako kumphuno. Anawerenga kawiri. Ine ndinaima ngati mwana woswa mbale.

"Mphindi khumi," anatero.

"Inde, amayi."

"Ndinakusiyirani malamulo angati?"

"Limodzi."

Anaitsegula, anainunkhiza, anazula timatabwa tija n'kutitembenuza. Anati iwo akanalipira 6,500, chifukwa memori yosakaniza sagula pa mtengo wa memori ya banja limodzi, ndipo bokosi la magetsi lakalamba, zimene ine sindinaone n'komwe. Ndinapempha kuti azindidula pa malipiro. Anati, "Ndikakudulani mudzayesa kuti lamulo langa lili ndi mtengo, ndipo tsiku lina mudzaligulanso." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kudulidwa.

Kenako anakhala pansi ndi kope lija, tsamba ndi tsamba. Anafunsa kuti anandiphunzitsa ndani kusintha chimodzichimodzi. Ndinati mkazi wanga, ndi telala. Anati, "Ndiye ndinalemba ntchito munthu wolakwika m'banjamo." Musanyade kwambiri.

Anandiuza kuti pa mtengo ndilembe liwiro lenileni, 3200, osati limene lili pa timatabwa, ndiponso kuti aliyense wofunsa ndimuuze kuti memori ndi yosakaniza ndipo manambala asawakhudze. Yagulidwa dzana pa 8,000 ndi mtsikana wina wojambula mapulani a nyumba. Shopu yaluza 1,000 chifukwa cha ine.

Makiyi andisiyira, koma envelopu atenga. Za Juni sananene kanthu, ndipo tiyi sanandithirirebe. Komabe ndikuthokoza. Wina akanandithamangitsa tsiku lomwelo, mwinanso kuitana apolisi.

Ndatumiza za fizi zotsala. Nsapato za wachitsiriza zili m'katoni, ndagula zokulirapo dala.

Mwamuna wanu


30 Meyi

Amayi a ana anga,

Moni. Thupi lili bwino, mtima ndiwo wolemera. Achimwene anu akakuimbirani, kapena akaimbira amayi, muwamvetsere mpaka amalize. Koma mumvenso mbali yanga.

Loweruka anatulukira m'shopu, koyamba chigulitsireni kompyuta ija. Anali ndi mnzawo wina atanyamula kompyuta yake ya magemu. M'shopu munali anthu atatu, abwana ali kumbuyo pa tebulo. Alamu analowa akuseka, n'kumuuza mnzawoyo kuti, "Uyu ndiye mlamu wanga ndimanena uja. Pano sitichedwa, tituluka ndi ndalama pompano."

Ndinawalonjera bwinobwino, ndinafunsa za moyo. Kenako ndinatenga kapepala n'kunena kuti, "Alamu, muisiye. Mawa nthawi ngati ino mudzamva mtengo."

"Asiye nthabwala alamu."

"Si nthabwala. Igone kaye."

Nkhope inasintha. Zaka zonsezi sananditchulepo kuti iwe, koma tsiku limenelo anatero. "Iwe, tsiku unafika ndi kachikwama kong'ambika lija, ndinakuuza kuti ugone panja mpaka mawa ndiyambe ndakuyeza?"

Yankho ndinali nalo pakamwa, la mizere yofiira, la masabata anayi amene ndinavutika, la 1,000 ya eni ake. Koma mnzawo anali pomwepo, ndipo ndinakumbukira kumene ndalama zija zinapita. Ndinangoti, "Simunandiyeze, alamu, ndipo sindidzaiwala. Koma ndalama za pano si zanga." Ndinatembenukira kumbuyo, mwina abwana andithandiza. Iwo anali mutu pansi, akupukuta fani.

Ananyamula kompyuta yawo n'kutuluka. Pakhomo anati, "Galu ukamudyetsa amakugwedezera mchira, koma munthu ayi." Ometa tsitsi ndi makasitomala awo anamva zonse.

Ndinakhala pa mpando. Abwana anangofunsa ngati ndamaliza kompyuta ya kusukulu. Ndinati ayi. Anati ndiye mukudikira chiyani.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino pamaso pa amayi anu. Ndi mwana wawo, ndipo ndi amene anawatulutsa m'chipatala. Akakana moni wanga, musawakakamize.

Ine wanu


8 Juni

Okondedwa amayi a ana anga,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa apongozi anga. Ndili bwino kwambiri. Khalani pansi musanawerenge, kenako muimirire muvine.

Andilemba ntchito yokhazikika. Lachisanu titatseka, abwana anaika mapepala pa kauntala, pambali pake envelopu ija. Anati, "Kukonza makompyuta ndingaphunzitse aliyense. Tsiku munalemba zoona pa kapepala ndinati mwina. Tsiku munakana mlamu wanu osamuyalutsa pamaso pa mnzake, ndinati basi." Ndinangoti zikomo kangapo, mpaka anati ndisiye, ndiwanyowetsera mapepala ndi misozi.

Malipiro akwera pang'ono, ndipo Disembala andipatsa masabata atatu. Matumba ndasiyana nawo mpaka kalekale. Denga la kukhitchini itanani mmisiri aone, koma asayambe ndisanamve mtengo.

Kalata yanu yandilimbitsa mtima. Sindinkadziwa kuti munapita nokha kwa amayi kukafotokoza zonse, achimwene anu asanaimbe. Mwati anati ana awo onse awiri ndi ouma mutu, womubereka ndi wopatsidwa yemwe. Mukawauze kuti mawu akuti "ana awo" ndawasunga. Inuyo sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji. Munakonza kompyuta imene simunaione, mwakonzanso ndi kwa amayi.

Alamu sakundiyankhabe. Ndamva kwa adalaivala kuti ntchito yawo inatha mu Malichi, ndipo akubisa. Musawafunse, adzanena okha. Lamlungu ndinapita kwawo, ndinagogoda, ndinamva wailesi ikutsitsidwa mkati, koma chitseko sichinatseguke. Ndinaima pang'ono n'kubwerera.

Pa tsamba lomaliza la mapepala a ntchito pali malo olembapo munthu wa kuno woti amuimbire ndikadwala kapena ndikachita ngozi. Ndinagwira cholembera nthawi yaitali, mpaka abwana anafunsa ngati ndilibe aliyense. Ndinati ndili naye, koma sitikulankhulana. Anati, "Sindinafunse amene mukulankhulana naye. Ndafunsa amene angabwere."

Ndalemba achimwene anu. Adzatukwana njira yonse, ndikudziwa, koma adzafika.

Ine mwamuna wanu wothokoza,
Bambo a ana anu